Kabotolo ka oyilo wakuda: labotale imadziwa bwanji za m'mimba mwa makina?

Munthu akalandira koyamba lipoti la kuyezedwa kwa oyilo, nthawi zambiri amangoti kukamwa yasa. Tsamba lonse ladzaza ndi zilembo ziwiriziwiri ndi manambala: Fe 48, Cu 12, Si 31, kenako TBN, PQ, ndi manambala atatu olekanitsidwa ndi timizere, monga 18/16/13. Pakona pali kabokosi kobiriwira, kachikasu kapena kofiira. Pansi alembapo mzere umodzi wokha: onani fyuluta ya mpweya, mutumizenso sampulo pakatha maola 100. Pomwe injini imene akuinenayo ili panjapo ikulira bwinobwino, utsi palibe, kutentha palibe. Ndiye anthu amene sanaionepo n'komwe, amene angolandira kabotolo ka oyilo wakuda, akudziwa bwanji zimene zikuchitika m'mimba mwake?

Oyilo ndi mboni. M'makina mulibe china chimene chimayenda malo onse ngati iye. Amalowa pakati pa shafiti ndi bering'i, amakwera khoma la silinda, amadutsa m'mano a magiya, kenako n'kubwerera pansi atasenza chilichonse chimene wakumana nacho panjira: tizitsulo todyeka, fumbi, mwaye, madzi. Ntchito ya labotale ndi kuifunsa mboniyo. Koma mboni imanena zokhazo zimene yaona, ndipo imayankha malinga ndi mmene mwaifunsira. Chisokonezo chambiri pa nkhaniyi chimayambira pamenepa.

Mafunso ndi atatu, si limodzi

Ambiri amayesa kuti kuyezetsa oyilo n'kufuna kudziwa ngati oyiloyo watha ntchito basi. Limenelo ndi funso loyamba chabe. Lachiwiri ndi lakuti, kodi mwalowa chachilendo chimene sichiyenera kukhalamo? Lachitatu, lomwe ndi lalikulu, ndi lakuti, makina eniakewo akudyeka mofulumira bwanji, ndipo chikudyeka ndi chiyani?

Mayankho ake sayendera limodzi. Oyilo atha kukhala wangwiro pomwe bering'i ikutha. Athanso kukhala wotheratu m'makina amene alibe vuto lililonse. Kusintha oyilo kumathetsa funso loyamba lokha. Mukataya oyilo wodzaza ndi mkuwa n'kuthira watsopano osafufuza kumene mkuwawo wachokera, mwangothamangitsa mboni, mlandu ukadalipo.

Ndipo kuda si umboni. Oyilo wa injini ya dizilo sachedwa kuda chifukwa muli mankhwala ogwira mwaye kuti uziyandama m'malo mokhazikika pazitsulo. Kudako nthawi zambiri kumangosonyeza kuti mankhwalawo akugwira ntchito yake.

Zinayambira kunjanji

Kale njira zosamalira makina zinali ziwiri: kudikira kuti afe, kapena kuwerenga maola n'kusintha oyilo ndi zipangizo nthawi ikakwana, kaya zatha kaya sizinathe. Njira yachitatu, yofunsa makinawo kuti ali bwanji, inakula pamene makampani a sitima zapamtunda ku America ankasiya injini za nthunzi n'kutenga za dizilo. Mu 1946 labotale ya kampani ya njanji ya Denver and Rio Grande inayamba kutulukira mavuto a injini poyeza zitsulo mu oyilo wogwiritsidwa kale ntchito. Pofika 1955 asilikali apamadzi a ku America anali atayamba kafukufuku wamkulu wogwiritsa ntchito njirayi pa ndege, kumene injini ikafa sungaiyimike pambali pa msewu. Mu 1960 ku Oakland, California, kunatsegulidwa labotale yoima payokha yolandira masampulo a aliyense. Lero njirayi ili m'migodi, m'sitima zapamadzi, m'mafakitale ndi m'malo opangira magetsi.

Tizitsulo todyeka ndi ppm

Zitsulo ziwiri zikamakhudzana zikuyenda, zimadyana pang'onopang'ono ngakhale oyilo atakhala wabwino chotani. Choncho kupeza chitsulo mu oyilo si nkhani. Nkhani ndi yakuti ndi chitsulo chanji, ndipo n'chochuluka bwanji.

Makina oyezera zimenezi amatchedwa spectrometer. Nzeru yake ndi yakale: cha m'ma 1860 Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff ku Heidelberg anaonetsa kuti chinthu chilichonse chikatenthedwa kwambiri chimatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake. Amene anaponyapo waya wamkuwa pamoto anaona lawi lobiriwira. Nzeru yake ndi yomweyo. Mu labotale amasungunula oyilo pang'ono n'kumuwazira m'lawi la mpweya wa argon lotentha madigiri masauzande angapo, makina n'kuwerenga kuwala kwa zinthu zoposa 20 nthawi imodzi.

Zotsatira zimalembedwa mu ppm, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1,000,000. Kuchepa kwake kuli ngati sekondi imodzi m'masiku 11 ndi theka. Ngati injini ili ndi makilogalamu 20 a oyilo ndipo lipoti likuti Fe 50, ndiye kuti mu oyilo yenseyo muli galamu imodzi ya chitsulo. Galamu imodzi yokhayo, yomwazikana moti diso silingaione, makina amaigwira.

Chimene chimapangitsa kuti manambalawa alankhule n'chakuti ziwalo za makina sizipangidwa ndi chitsulo chimodzi. Fe, chitsulo wamba, imachokera m'makoma a silinda, m'magiya ndi m'mashafiti. Cr, yomwe ndi chromium, kawirikawiri imaloza maring'i a pisitoni. Al, aluminiyamu, imaloza pisitoni. Pb, mtovu, ndi Sn, chitsulo chotchedwa tin, zimapezeka pamwamba pa mabering'i a shafiti yaikulu, ndipo Cu, mkuwa, imakhala pansi pake ndiponso m'mabushi. Motero mtovu ukayamba kukwera, kenako mkuwa n'kutsatira, katswiri amaona m'maganizo mwake bering'i ikusendeka, khungu lapamwamba latha, zafika pa lam'kati.

Apa m'pamene munthu ayenera kudekha. Mkuwa utha kukwera kwambiri wokha m'makina atsopano chifukwa oyilo akusuluka nawo kuchokera m'chipangizo chomuziziritsa, popanda chodyeka chilichonse. Palinso manambala ena aakulu amene amaopseza pachabe: Zn, P, Ca ndi Mg (zinc, phosphorus, calcium ndi magnesium), amene atha kufika mazana kapena masauzande. Amenewa si zitsulo zodyeka ayi, ndi mankhwala amene opanga oyilo anathiramo dala, oteteza zitsulo ndi oyeretsa. Akachepa mwadzidzidzi kapena akasintha kuchuluka kwake, nthawi zambiri ndiye kuti wina anathira oyilo wa mtundu wina.

Zimene spectrometer saona

Spectrometer ili ndi zimene siziona, ndipo n'zodabwitsa: imaona tating'ono, zazikulu n'kuziphonya. Tizidutswa timayezedwa mu micron, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70, ndipo diso limalekezera cha pa 40. Spectrometer imawerenga bwino tizidutswa tosapitirira ma micron 5 mpaka 10. Toposa pamenepo sitipsa tonse m'lawi muja. Vuto n'lakuti giya kapena bering'i ikafika poti yatsala pang'ono kufa, imataya zidutswa zikuluzikulu. Ndiye n'zotheka kuti giyabokosi ikhale ikubenthuka mano lipoti likunena kuti Fe ili pamalo pake.

N'chifukwa chake pali mayeso ena. PQ imagwiritsa ntchito maginito kuyeza chitsulo chonse cha m'botolo, chachikulu ndi chaching'ono chomwe. PQ ikakwera Fe ili pansi, dziwani kuti muli zibenthu.

Kuti aone zibenthuzo ndi maso, amagwiritsa ntchito njira yotchedwa ferrography, imene inapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Oyilo amatsetsereka pa kagalasi kopendekeka kamene pansi pake pali maginito, tizitsulo n'kundandalikana, tikulutikulu kumtunda, tating'ono kumunsi. Pa maikulosikopu kadutswa kalikonse kamaulula mmene kanachokera. Topyapyala tosalala ndi kudyeka kwa masiku onse. Topotana ngati zopala za kalipentala timasonyeza kuti chinthu cholimba chikusema chitsulo. Tozungulira ngati timipira kawirikawiri timachokera m'ming'alu ya bering'i yotopa. Tofiirira ndi dzimbiri, kutanthauza kuti madzi analowa. Kunena zoona, gawo ili ndi limene luso la munthu limaposa makina, ndipo n'chifukwa chake silichitika pa sampulo iliyonse, koma pokhapokha pakakhala chokayikitsa.

Nanga manambala atatu aja, 18/16/13? Amenewa ndi muyeso wa ukhondo wa oyilo wotchedwa ISO 4406, wochokera ku ISO, bungwe la dziko lonse lokhazikitsa miyezo, ndipo ndi wofunika kwambiri m'makina a hayidiroliki, mmene mipata ya mavavu ndi mapampu ndi ya ma micron ochepa chabe. Nambala yoyamba ikunena za tizidutswa ta ma micron 4 kupita m'mwamba mu mililita imodzi, yachiwiri ta 6, yachitatu ta 14. Si chiwerengero chenicheni koma masitepe: 18 ikutanthauza tizidutswa 1,300 mpaka 2,500, 16 ikutanthauza 320 mpaka 640, 13 ikutanthauza 40 mpaka 80. Sitepe iliyonse ndi kuwirikiza kawiri. Kuchoka pa 18 kufika pa 21 kumaoneka ngati kusuntha pang'ono, koma litsiro lachuluka pafupifupi kasanu n'katatu. Chodabwitsa china n'chakuti oyilo watsopano wochokera m'diramu nthawi zambiri sakhala woyera mokwanira makina oterewa. Amafunika kusefedwa asanathiridwe.

Alendo osaitanidwa: fumbi, madzi ndi dizilo

Fumbi limaoneka pa lipoti ngati Si, silicon. Mchenga ndi wolimba kuposa zitsulo zambiri za mu injini, choncho ukalowa umagwira ntchito ya sandipepala. Fumbi lenileni limabwera ndi mnzake: Si ndi Al zimakwerera limodzi, silicon ikuposa aluminiyamu pafupifupi katatu, ndipo posakhalitsa Fe ndi Cr zimatsatira. Pamenepo makaniko amakafufuza fyuluta ya mpweya, paipi yong'ambika kapena kalampu yomasuka. Koma Si ikakwera yokha, makamaka injini itangokonzedwa kumene, mwina ndi phula lomatira magasiketi chabe.

Madzi ali ndi mayeso apafupi amene aliyense angaone. Mumatenthetsa kachitsulo kosalala kufika cha pa madigiri 160, n'kudonthezapo oyilo. Akakhala wouma amangoyandama phee. Akakhala ndi madzi timathovu timatuluka, ndipo akachuluka amathetheka mpaka kumveka. Kuti adziwe kuchuluka kwenikweni, labotale imagwiritsa ntchito njira imene katswiri wa ku Germany, Karl Fischer, anaifalitsa mu 1935, yomwe imawerenga madzi mu ppm.

Madzi a m'rediyeta ndi oopsa kuposa madzi wamba chifukwa cha mankhwala a glycol, amene amasandutsa oyilo matope ndi kudya mabering'i. Mu injini yotentha madziwo atha kuuma onse, mayeso a madzi n'kusapeza kanthu. Koma amasiya mapazi: Na ndi K, sodium ndi potassium, zimene siziuma. Zikamakwera, gasiketi kapena chipangizo choziziritsa oyilo chikudontha, ngakhale palibe waona dontho pansi.

Dizilo amalowa kudzera mu injekitala yodontha kapena injini ikamakhalitsa ikungolira osagwira ntchito. Amasungunula oyilo.

Mphamvu ya oyilo mwiniwake

Chinthu chachikulu pa oyilo ndi kulimba kwake, kumene akatswiri amati viscosity: kaya amayenda ngati madzi kapena amakoka ngati utomoni. Akachepa mphamvu zitsulo zimakhudzana; akalimbitsa safika msanga kumene akufunika. Amayeza nthawi imene oyilo amatenga kudutsa m'kachubu kagalasi, pa madigiri 40 kwa oyilo wa m'mafakitale, pa madigiri 100 kwa wa injini. Oyilo wa m'mafakitale wa gulu la ISO VG 46 ayenera kukhala pakati pa 41.4 ndi 50.6 cSt (muyeso wa viscosity) pa madigiri 40. Wa injini wa gulu la 15W-40 ayenera kukhala kuyambira 12.5 koma osafika 16.3 pa madigiri 100.

Apanso nambala imodzi itha kunama. Dizilo amasungunula, mwaye umalimbitsa. Zonse zikalowa pamodzi zimafafanizana, viscosity n'kuoneka yabwinobwino mu injini ya mavuto awiri. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. N'chifukwa chake amayezanso dizilo payekha ndi mwaye paokha.

TBN ndi nkhokwe ya mankhwala olimbana ndi asidi amene amapangika dizilo akamayaka. Imayamba yodzaza, n'kumatsika. TAN ndi asidi amene waunjikana oyilo akamakalamba ndi kutentha ndi mpweya. Imayamba pansi n'kumakwera. Lamulo lakale la amisiri ambiri linali kusintha oyilo TBN ikatsika kufika theka la mmene inalili, kapena ikakumana ndi TAN.

Kutenga sampulo

Mayeso onsewa amapachikika pa mphindi zisanu zimene munthu amakhala atagwada pambali pa makina ndi kabotolo ka mamililita 100. Labotale siyeza makina anu. Imayeza zimene mwaika m'botolo.

Makina ayenera kukhala otentha, akuyenda kapena atangozimitsidwa kumene, tizidutswa tisanakhazikike pansi. Mumapukuta kaye pozungulira pamene mutengere. Ngati mukugwiritsa ntchito kapampu kokoka, mumadula kapaipi katsopano, kotalika moti kafike pakati pa oyilo koma kasakhudze pansi pamene pamakhala nsenga za miyezi yambiri. Botolo mumalitsegula pomaliza penipeni, chivindikiro osachiika pansi kapena m'thumba la ovolosi. Ngati mukutenga pokhetsa oyilo, mumasiya woyamba adutse, n'kutunga wapakati. Pa makina okhala ndi pompopi yotengera sampulo, malo abwino ndi pamene oyilo wachoka m'ziwalo koma asanafike pa fyuluta, chifukwa fyuluta imalanda mboni umboni wake. Ndipo ulendo uliwonse mutenge malo omwewo, m'njira yomweyo.

Kenako kalebulo, kamene ambiri amakalemba mothamanga. Dzina la makina, mtundu wa oyilo, maola a makina, maola a oyilo, malita amene mwawonjezerapo. Popanda zimenezi katswiri wa ku labotale ali mumdima. Ndi bwinonso kutumiza kamodzi sampulo ya oyilo watsopano, kuti pakhale pofanizira.

Mzere, osati dontho

Tiyerekeze injini imene malipoti ake atatu, lililonse pa maola 250 a oyilo, aonetsa Fe 38, 41 ndi 40. Lachinayi likuti 75. Ngati malire a labotale ndi 100, kabokosi katha kukhala kobiriwira, koma chinachake chasintha, chifukwa injiniyi ikudyeka pafupifupi kawiri kuposa chizolowezi chake. Tiyerekezenso ina imene yaonetsa 85 koma oyilo wake wayenda maola 500. Nambala ndi yaikulu, koma mukaigawa ndi maola, kudyeka kwake sikusiyana kwenikweni ndi kwa 40 pa maola 250.

Palinso injini imene imadya oyilo n'kumawonjezeredwa tsiku ndi tsiku. Malipoti ake amaoneka oyera mokongola, pakuti watsopanoyo akusungunula umboni. Imene imaoneka yathanzi kwambiri pa pepala itha kukhala yodwalitsitsa.

Choncho sampulo yoyamba siinena zambiri. Phindu limayamba pa yachitatu kapena yachinayi, pamene makina aonetsa khalidwe lake. Kutumiza sampulo pokhapokha makina atayamba kugogoda n'kufunsa mboni mlandu utaweruzidwa kale.

Mafunso amene sanathe

Loyamba ndi la malire. Wopanga makina ali ndi ake, wopanga oyilo ali ndi ake, labotale ili ndi ake ochokera m'masampulo amene yakhala ikulandira. Sampulo imodzi mukaigawa n'kutumiza malo awiri, manambala atha kusiyana pang'ono, mtundu wa kabokosinso n'kusiyana. Miyezo ya ASTM, bungwe lokhazikitsa njira zoyezera, ndi chiphaso cha malabotale cha ISO/IEC 17025 zimathandiza kuti kayezedwe kakhale kodalirika, koma sizinena kuti Fe 75 ndi yoopsa pa makina anuwo. Ena amati malire okhazikika amateteza munthu wosadziwa. Ena amati amagonetsa tulo, chofunika ndi mzere wa makina aliwonse.

Lachiwiri ndi la mwini labotale. Ina ndi ya ogulitsa oyilo, ina ya opanga makina, ina yoima payokha. Ogulitsa oyilo amadziwa bwino mankhwala a mu oyilo wawo. Opanga makina amadziwa chitsulo cha kachiwalo kalikonse. Oima paokha alibe chogulitsa, koma mwina alibenso zinsinsi za awiriwo. Amene amakayikira amafunsa ngati wogulitsa angakulangizeni kugula pang'ono. Amene amavomereza amayankha kuti wogulitsa wonama sakhalitsa.

Lachitatu ndi la kutalikitsa nthawi yosinthira oyilo. Lipoti litha kunena kuti oyilo akadali wamphamvu pa maola amene buku la makina likuti musinthe. Kupitiriza kumapulumutsa oyilo ndi kuchepetsa wotayidwa. Koma ngati makina ali pa waranti, ndani adzalipire zikavuta? Opanga makina ena amalola ngati pali malipoti, ena salola.

TBN nayonso ikufunsidwa mafunso. Lamulo la theka lija linakula pamene dizilo anali ndi sulfure wambiri, amene amapanga asidi dizilo akamayaka. Ku America dizilo wa magalimoto anatsitsidwa kufika 15 ppm kuyambira 2006, ku Ulaya 10 ppm kuyambira 2009, ndipo oyilo wamakono ambiri amayamba ndi TBN yotsikirapo. Kumene sulfure akadali wambiri lamulo lakale likugwirabe ntchito. Kumene anachepa, akatswiri sakugwirizana kuti TBN ipatsidwe ulemu wotani poyerekeza ndi mayeso ena a kukalamba kwa oyilo.

Ndiye pali masensa omangiriridwa pa makina, oyeza madzi, tizitsulo kapena ukhondo usana ndi usiku. Sadikira masiku a ulendo wa botolo, ndipo pali mavuto, monga bering'i yofa m'maola ochepa, amene sampulo ya pamwezi siingawagwire. Koma sensa iliyonse imayeza zinthu zochepa, ndipo siingasiyanitse mtovu ndi mkuwa monga imachitira spectrometer. Zida zoyeza kunjenjemera kwa makina zimamva zina zimene oyilo sanena, monga shafiti yokhota, pomwe oyilo amaona madzi ndi fumbi zisanayambitse kunjenjemera kulikonse. Kuti pa makina ati pakhale chida chiti, ndipo botolo lizipitabe kangati, fakitale iliyonse ikuyankha mwa njira yake.

Funso lomaliza ndi la kukula kwa makina. Pa injini ya sitima kapena giyabokosi ya chigayo cha simenti palibe amatsutsa. Pa kainjini ka malita anayi, mmene kuyezetsa kungafanane mtengo ndi kungosintha oyiloyo, ena amati n'kutaya nthawi. Ena amayankha kuti chimene mukugula si oyilo koma chenjezo, ndipo kainjini kakang'ono kangakhale koyendetsa jenereta ya chipinda cha opaleshoni. Mzere wolekanitsa makina oyenera kuyezedwa ndi osayenera suli m'buku la ISO lililonse.